Kugulitsa galimoto pa foni: mmene akathyali amabera eni ake mu Lilongwe

Galimoto zambiri zimene zimayenda m'misewu ya ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23 ndi Area 25 zidagulidwa zitagwirapo kale ntchito ku Japan. Zimatsika sitima padoko la Dar es Salaam n'kuyendetsedwa mpaka pachipata cha Songwe ku Karonga, pomwe a Malawi Revenue Authority (MRA) amawerengera msonkho. Zina zimalowera ku Mwanza ndi ku Dedza. Ikafika mu Lilongwe, galimoto yotere sikhalitsa m'manja amodzi. Sienta imene lero ikunyamula anthu pamsewu wa ku Salima mwina yadutsa kale mwa eni atatu, ndipo Mira, Vitz, Passo ndi Nissan Note nazonso zimasintha eni pafupipafupi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuitanitsa galimoto kunja kudakwera mtengo kwambiri, moti galimoto yakale imene ili kale m'dziko muno idasanduka chuma chenicheni cha banja. Kwa anthu ambiri a m'malokeshoni, amene amakhala nyumba za lendi, ndicho chinthu chodula kwambiri chimene ali nacho.

Kale wofuna kugulitsa ankalemba nambala ya foni papepala, kumata pagalasi, n'kukaimika galimoto m'mbali mwa msewu ku Old Town. Ena ankangouza makaniko wawo ku Biwi Triangle kuti akamva za wogula awadziwitse. Njira zimenezi zikadalipo, koma masiku ano malonda ambiri amayambira pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Chithunzi choikidwa m'mawa ku Mgona chimafika ku Mzuzu, ku Chipata ndi ku Johannesburg dzuwa lisanafike pamutu, ndipo mwini galimoto sagawana phindu ndi dobadoba. Chimene chimatayika n'chakuti wogula wakale ankabwera ndi nkhope, ndipo kawirikawiri pankakhala wina wodziwa kwawo. Wa pa intaneti amabwera ndi nambala ya foni ndi dzina lodzipatsa yekha.

Pamalonda a galimoto pamasinthana zinthu zitatu: galimoto ndi makiyi ake, mapepala ake, ndi ndalama. Chinyengo chambiri chimene chimagwera ogulitsa chimatsamira pamfundo imodzi, yakuti galimoto kapena mapepala zichoke m'manja mwa mwini wake ndalama zisanafike. Nkhani zimene akathyali amapeka n'zosawerengeka, koma zambiri zimaloza komweko.

Ngozi imayambira pachilengezo chenichenicho. Pofuna kuonetsa kuti galimoto ndi yake ndipo ilibe mlandu, wogulitsa amajambula chilichonse: kutsogolo, kumbuyo, injini, makilomita amene yayenda, nambala, ngakhale blue book yomwe. Potero amakhala wanolera wakuba mpeni. Mu blue book muli dzina la mwini, nambala ya chesisi ndi ya injini. Chithunzi chake n'chokwanira kuti munthu wina alengeze galimoto yomweyo kwina, aikepo nambala yake ya foni, ayambe kutolera dipoziti kwa anthu oifuna. Oberedwawo akayamba kufufuza, dzina limene amapeza ndi la mwini galimoto, ndipo khomo limene amagogoda ndi lake. Zithunzi zoika pa intaneti zimayenera kujambulidwa pabwalo lovuta kulizindikira, osati pakhomo pomwe geti, mpanda ndi golosale yoyandikana zikuoneka. Nambala ya galimoto iphimbidwe. Blue book aione munthu amene wabwera yekha, ili m'manja mwa mwini wake, ndipo asaijambule.

Mawu olembedwa pansi pa zithunzi nawonso amaulula zambiri. Anthu ambiri sagulitsa galimoto chifukwa yawatopetsa. Amagulitsa chifukwa fizi ya mwana ikufunika, wodwala wagonekedwa ku Kamuzu Central, lendi yaunjikana, kapena wakatapila wayamba kugogoda m'bandakucha. Wolemba kuti "iyenera kupita lero, ndapanikizika" wauza dziko lonse kuti alibe mtima wodikira mpaka Lolemba. Anthu oterewa ndiwo amasakidwa, ndipo n'zowawa kuti chinyengochi chimagwera kwambiri munthu amene ali kale pamavuto. Mtengo, chaka cha galimoto ndi mmene ilili n'zokwanira. Chifukwa chogulitsira n'cha m'nyumba.

Mafoni oyamba kulira nthawi zambiri sakhala a anthu ofuna galimoto. Pali woimba amene safunsa za injini kapena matayala, sanenerera n'komwe, amangoti waikonda ndipo akutumiza dipoziti pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti isagulitsidwe kwa wina. Posakhalitsa pafoni pamalowa uthenga wooneka ngati wa kampani, wonena kuti ndalama zalowa. Kenako amaimbanso ndi mawu odandaula, akuti walakwitsa, watumiza zochuluka kuposa zimene amafuna, abwezeredwe zapamwambazo. Uthengawo amakhala walemba yekha, ndipo zimene wogulitsa "akubweza" ndi ndalama zake zomwe. Wina amati ali ku South Africa, akugulira mayi ake galimoto, ndalama watumiza kale koma zagwidwa, pakufunika kandalama kochepa kozimasulira. Wina amadzitcha wogwira ntchito kukampani ya mafoni kapena kubanki, akuti ndalama zochuluka chotere sizingalowe pokhapokha akaunti ikonzedwe, ndipo amapempha nambala yachinsinsi kapena manambala amene angolowa pafoni. Palibe kampani ya mafoni kapena banki imene imafunsa kasitomala nambala yachinsinsi.

Kulembetsa manambala a foni, kumene bungwe la MACRA lidakhwimitsa mu 2018, kudapatsa anthu ena chikhulupiriro chakuti dzina lotuluka potumiza ndalama ndilo dzina la woimbayo. Sizili choncho nthawi zonse. Manambala ambiri ogwiritsidwa ntchito pakuba adalembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, ndipo nkhani za akaidi a kundende ya Zomba oimbira anthu mafoni achinyengo zakhala zikumveka m'nyuzi ndi pawailesi kwa zaka zambiri. Umboni wokhawo wakuti ndalama zalowa ndi umene mwini foni wadzionera yekha poimba *211# pa Airtel Money, *444# pa Mpamba, *626# pa Mo626 ya National Bank, kapena njira ina imene banki yake idamupatsa. Uthenga wobwera wokha, ngakhale uoneke bwino chotani, suwerengedwa.

Chinyengo chovuta kuchizindikira kuposa zonse ndi cha anthu atatu, chifukwa pamalo pamakhala wogula weniweni ndi ndalama zenizeni. Chimayenda motere. Mwini Sienta ku Area 25 walengeza galimoto yake pa K15 miliyoni, mwachitsanzo. Kathyali amakopera zithunzizo n'kulengeza galimoto yomweyo kwina pa K11 miliyoni. Wofuna kugula akapezeka, kathyali amamuuza kuti: "Galimoto ili ndi mphwanga ku Nsungwi, akuonetsani. Koma za ndalama musakambe naye, timavutana. Mukaikonda mutumize kwa ine." Kenako amaimbira mwini galimoto: "Akulu, galimoto ndaikonda koma ndili ku Mzuzu. Ndikutumiza alamu anga ndi makaniko adzaione. Chonde za mtengo musakambe nawo, ndikufuna ndiikepo kanga pamwamba. Ndalama ndikutumizirani ine." Awiriwo amakumana, amapatsana moni mwaulemu, amatsegula boneti, amayenda nayo mpaka ku Kanengo n'kubwerera, aliyense akusunga chinsinsi chimene adapemphedwa kusunga. Wogula amapatuka pang'ono, n'kutumiza ndalama ku akaunti imene adapatsidwa, n'kubwera kudzatambasula dzanja kuti alandire makiyi. Mwini galimoto alibe chimene walandira. Akaimba nambala ya mkhalapakati uja, yazima.

Mkangano wotsatira apa umakathera kupolisi, ndipo galimoto ikhoza kusungidwa kumeneko nkhani ikufufuzidwa, mwini wake akuyenda pa kabaza. Chinyengo chonsechi chimagwa ndi mafunso awiri ofunsidwa poyera anthu atangokumana: ndani akugula galimotoyi, ndipo akulipira zingati kwa yani? Wogulitsa amene wapemphedwa kuti asatchule mtengo kwa munthu wobwera kudzaona galimoto yake, kapena kuti adzitche m'bale wa munthu amene sadamuonepo, adziwe kuti akugwiritsidwa ntchito pobera mnzake. Mkhalapakati woona saopa kuti mbali ziwirizo zilankhulane. Amanena gawo lake poyera, ndipo pamalonda amapezekapo.

Kokumanirana kumasankhidwa ndi mwini galimoto, osati wogula. Malo abwino ndi a anthu ambiri, a alonda, masana: poimika galimoto ku Gateway Mall, pafupi ndi banki ku City Centre kapena ku Old Town, ngakhale pafupi ndi polisi ya Kawale kapena ya Kanengo. Wogula woona sakana malo oterewa. Amene akuumirira kuti galimoto imupeze kwinakwake kunja kwa tauni, kapena amene amasinthasintha malo ndi nthawi mpaka mdima utagwa, wasonyeza kale cholinga chake. Wogulitsa asapite yekha. Atenge m'bale kapena mnzake, ndipo kunyumba adziwe kumene wapita. Asanatsegule chitseko cha galimoto aone chiphaso cha unzika cha wogulayo, chija bungwe la National Registration Bureau lidayamba kupereka m'dziko lonse mu 2017, ayerekeze nkhope ndi chithunzi, aonenso laisensi yake.

Kuyesa galimoto ndi ufulu wa wogula, ndipo palibe munthu wanzeru angagule osaimva mmene ikuyendera. Koma mwini wake amakhala momwemo, mnzake uja ali kumbuyo, njira atasankha ndi iwo. Posinthana mipando, injini izimitsidwe ndipo makiyi akhale m'manja mwa mwini mpaka atakhala pansi, chifukwa galimoto zina zapita pa kamphindi kameneka, mwini wake akuzungulira kumbuyo kuti akakwere mbali inayo. Ogula akabwera atatu kapena anayi, wolowa m'galimoto akhale mmodzi ndi makaniko wake basi. Lilongwe ili pafupi ndi malire kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Kufika ku Mchinji, polowera ku Zambia, kapena ku Dedza, polowera ku Mozambique, ndi ulendo wa maola osapitirira awiri, ndipo m'malire monsemo muli tinjira tosadutsa pachipata. Galimoto imene siwoloka malire ikhoza kuphwasulidwa usiku umodzi, mawa lake injini, giyabokosi ndi magetsi zili pamsika wa sipeya.

Nkhani ya makaniko njofunika kuisamala mwapadera. Wogula ali ndi ufulu wobweretsa makaniko wake, koma galimoto isasiyidwe kugalaja yachilendo kuti "aione bwinobwino mawa". Ikhoza kubwerako ndi batire lina, ndi zipangizo zina za mu injini zitasinthidwa, wogula n'kunena kuti wasintha maganizo. Makiyi nawo akachoka pamaso kwa ola limodzi akhoza kusulidwa ena. Palinso makaniko wobwera kudzagwetsa mtengo: amamvetsera injini atapendeketsa mutu, n'kulengeza kuti yatsala pang'ono kugogoda. Wogulitsa amene adayamba wapita kwa makaniko wake asanalengeze amadziwa matenda enieni a galimoto yake, ndipo saopsezedwa ndi ongopeka.

Polipira m'pamene ambiri amagwera, ngakhale amene adasamala pa zina zonse. Njira yofala masiku ano ndi ya chithunzi cha umboni wakuti ndalama zatumizidwa. Wogula amaonetsa pafoni yake tsamba lokhala ndi chizindikiro cha banki, dzina la wogulitsa, nambala ya akaunti ndi ndalama zonse, n'kulitumizanso pa WhatsApp. Akafunsidwa chifukwa chake sizikuoneka, yankho limakhala lokonzeratu: mabanki ndi osiyana, netiweki ikuvuta, zilowa madzulo ano. Chithunzi chotere munthu amachikonza pafoni m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake malonda oterewa amakonda kufika pachimake Lachisanu madzulo, Loweruka masana, kapena tsiku loti mawa lake ndi tchuthi, pomwe wogulitsa sangalowe m'banki kukafunsa. Kathyali amakhala waulemu, wovala bwino, nthawi zina wofika pagalimoto yabwino kuposa imene akugulayo, ndipo amachititsa wogulitsa manyazi: "Bwana, mukundikayikira? Munthu ngati ine ndingakubereni kagalimoto aka?" Manyazi amenewa ndiwo amatulutsa makiyi m'thumba. Kukana sikufuna mwano. N'kokwanira kunena kuti galimoto igona kwa mwini wake, ndalama zikaoneka mu akaunti adzaitenga.

Cheke chili ndi msampha wake. Chikaikidwa mu akaunti, ndalama zikhoza kuoneka ngati zalowa pomwe banki isanatsimikize kuti kumene chikuchokera kuli ndalama. Patapita masiku chimabwezedwa, galimoto itapita kale. Wolandira cheke afunse kubanki kwake ngati ndalamazo zayera moti angathe kuzitapa, ndipo adikire kufikira atauzidwa choncho.

Ndalama zapamanja zimaoneka ngati zothetsa nkhawa zonsezi, koma zili ndi zake. Ndalama yaikulu m'dziko muno ndi K5,000, imene Reserve Bank of Malawi idatulutsa mu 2022. K15 miliyoni ndi mapepala 3,000 a ndalama imeneyi, kapena mitolo 30 ya mapepala 100. Palibe amene angawerenge ndi kuyang'anitsitsa mapepala ochuluka chotere ali m'galimoto, mtima uli m'mwamba, wogula akuyang'ana wotchi. Pakati pa mtolo pakhoza kukhala ndalama zachinyengo kapena zing'onozing'ono, ndipo mtolo wowerengedwa kale ukhoza kusinthidwa pobwezera m'chikwama. Kuonjezera apo, munthu wonyamula chikwama chotere kupita nacho ku Chinsapo madzulo amadziwika ndi anthu amene amupatsawo. Malo olandirira ndalama zapamanja ndi m'banki: onse awiri alowe, wogula apereke ndalama pakauntala, makina awerenge, zilowe mu akaunti ya wogulitsa, risiti ituluke. Makiyi amaperekedwa pambuyo pa risitiyo.

Kulipira pang'onopang'ono n'kofala kwambiri pa Sienta, Probox ndi maminibasi, chifukwa wogula amati galimotoyo idzidzilipira yokha ikamagwira ntchito. Ena amanena zoona, koma wogulitsa azindikire chimene akuvomera. Akalandira theka n'kupereka galimoto, wasanduka wokongoza. Wogula akasiya kulipira, nkhaniyo kawirikawiri imaonedwa ngati ya ngongole, yofunika kukhoti, osati ya kuba, ndipo akathyali ena amapereka gawo loyamba mwadala kuti nkhani idzaoneke choncho. Pomwe mlandu ukuyenda, galimoto ikugwira ntchito usana ndi usiku, ikutha, mwinanso yagulitsidwa kale kwina. Ngati palibe kuchitira mwina, dipoziti ingogwira galimoto kwa masiku ogwirizana, galimotoyo ndi blue book zili kwa mwini wake, ndipo zilembedwe kuti dipozitiyo idzatani wogula akalephera kumaliza.

Ndalama zikalowa, malonda amakhala asanathe. Pamafunika kalata ya mgwirizano yokhala ndi maina onse awiri, manambala a ziphaso zawo, nambala ya galimoto, ya chesisi ndi ya injini, mtengo, tsiku ndi ola limene galimoto yaperekedwa, komanso mawu akuti wogula waiona ndipo waitenga mmene ilili. Mboni ziwiri zisainire, aliyense atenge kalata yake. Ola limalembedwa chifukwa ngozi kapena mlandu wochitika madzulo a tsiku lomwelo udzafuna kudziwa amene anali ndi galimoto panthawiyo.

Chotsatira ndi kusintha umwini ku ofesi ya Road Traffic, imene dzina lake lonse ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services. Chiyambireni makina a MalTIS, mwini galimoto amalembetsedwa ndi khadi lake la Traffic Register, ndipo zidindo za zala zake zimasungidwa m'kompyuta. Njira yabwino ndi yakuti wogulitsa ndi wogula apite limodzi, tsiku lomwelo kapena lotsatira. Ambiri amazengereza poopa mizere ndi ndalama zolipira, n'kungopereka blue book kuti wogula "akasinthe yekha", kapena kusiya zonse m'manja mwa madobadoba oima panja pa ofesi. Galimoto zambiri mu Lilongwe zikuyenda ndi maina a anthu amene adazigulitsa zaka zapitazo. Galimoto yotere ikagunda munthu n'kuthawa, ikagwidwa ndi chamba kapena makala, ikagwiritsidwa ntchito pa umbanda, apolisi amayambira kwa amene dzina lake lili m'kompyuta. Kalata ya mgwirizano imamupulumutsa, koma atataya kale masiku ndi mtendere. Blue book yokhala ndi dzina lake ikhozanso kukaikidwa chikole kwa wakatapila iye osadziwa. Kampani ya inshuwalansi nayo idziwitsidwe kuti galimoto yagulitsidwa.

Wogulitsa naye ali ndi zoyenera kukonza asanalengeze, kuti asadzapezeke ndiye wolakwa. Galimoto imene idalowa m'dziko osalipira msonkho, monga za mabungwe ndi za anthu ena opatsidwa mwayi umenewu, sigulitsidwa a MRA asanavomereze. Imene ili chikole cha ngongole ya kubanki siperekedwa ngongole isanathe kapena banki isanalole. Ya munthu womwalira imafuna zikalata zosonyeza amene wapatsidwa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye, ndipo mkangano wa pachibale ukabuka malonda atachitika, wogulitsayo ndiye amayankha.

Munthu akazindikira kuti waberedwa, chofunika kwambiri ndi liwiro. Manyazi amachedwetsa ambiri: amayamba aimbaimba nambala yozima, kufunsa anzawo, kudikira kuti mwina ndalama zilowa mawa. Maola amenewo ndiwo galimoto imawolokera malire kapena kuphwasulidwa. Nkhani ikanenedwe nthawi yomweyo kupolisi yapafupi, kaya ndi Kawale, Kanengo, Lingadzi kapena Area 3, pamodzi ndi nambala ya galimoto, ya chesisi ndi ya injini, kuti uthenga ufike m'malodibuloko ndi m'zipata. Banki kapena kampani ya foni imene ndalama zadutsira iuzidwe tsiku lomwelo, chifukwa nthawi zina ndalama zimagwidwa zisanatapidwe. Mauthenga, zithunzi ndi manambala onse asafufutidwe, ndiwo umboni. Kupeza katundu kapena ndalama mwachinyengo ndi mlandu pansi pa gawo 319 la Penal Code, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limakhudza milandu yochitika kudzera pa intaneti ndi pafoni.

Pali chifukwa chinanso cha malamulo chofulumirira. Lamulo la malonda la Sale of Goods Act, lomwe Malawi adatengera ku malamulo a ku Britain, limasiyanitsa katundu wobedwa ndi katundu amene mwini wake adapereka yekha atanamizidwa. Galimoto yolandidwa kapena yobedwa pakhomo imakhalabe ya mwini wake ngakhale idutse m'manja angati. Koma imene mwini adapereka ndi manja ake pamalonda, pamodzi ndi blue book, ikagulitsidwa kwa munthu wachitatu amene sadadziwe za chinyengocho mwini wake asanachitepo kanthu, khoti likhoza kugamula kuti ndi ya wogula watsopanoyo. Zikatero, woberedwa amatsala ndi ufulu wolondola kathyali yekhayo, ndipo tsiku ndi ola limene adakanena kupolisi zimakhala mbali ya umboni umene khoti limayang'ana.